Mimba Yachingati?

Namwino wa ku Ngabu sakukweza maso.
Cholembera chili pa kabuku ka kusikelo,
thukuta likutsika m'khosi mwake ngati mwanga.
Akufunsa: mimba yachingati?

Yachitatu, ndikutero.
Lilime linazolowera, limadumpha imodzi
monga timadumphira thabwa lowola
pa kamlatho ka kudimba.

Yoyamba ija ilibe tsamba m'kabuku.
Ndinali Folomu 2, yunifolomu itayamba kuthina,
mwini wake atakwera thirakitala ya nzimbe ku Nchalo
osacheukanso.
Mayi wina kuseri kwa msika wa ng'ombe
analandira ndalama zanga za mayeso
nasongola phesi la chinangwa
ndi mpeni wosendera mbatata.
Masiku asanu ndi anayi thupi lili moto.
Kunyumba anati ndi udzudzu wa kudambo.
Ndinavomera ndi mutu.

Ziwiri zinazo Zuze akuzidziwa.
Ina inachoka tikutola thonje, miyezi isanu,
yopanda ululu wochenjeza,
madzi okha m'miyendo, dzuwa lili paliwombo.
Inzake chaka cha madzi osefukira,
m'tenti ya pasukulu, anthu makumi atatu akupumirana,
ine nditaluma chitenje kuti asamve.
Apongozi anaoloka Shire pa bwato kukaombeza.
Anabwerako ndi mkuzi wa m'chiuno
komanso dzina la azakhali anga, a Fanita,
omwe anandigulira nsapato zoyamba.
Zaka zitatu tsopano sitilonjerana.
Pa mjigo amadikira ndichoke.

Usiku timayala mkeka panja, m'nyumba muli ng'anjo.
Zuze amaika khutu pamimba panga,
amati uyu ngokhala, ndamumva akupalasa.
Anagula kale beseni lobiriwira ku Bangula,
analibisa kudenga kuti ndisalione.
Ndinaliona.

Namwino walemba kale.
Panja a kabaza akulimbirana mthunzi wa nimu,
mbuzi ikutafuna katoni.
M'kati mwanga kanthu kagunda kamodzi,
kofooka ngati nsomba m'mono.

Fufutani, mayi.
Ndi yachinayi.

Ndikudikira mbama ya pakamwa.
Iye akukankha chitseko ndi phazi,
mzere wonse utsale panja.
Akufunsa ngati wofunsa njira:
ndi chiyani, miyezi ingati,
munatentha thupi masiku angati,
kuchipatala munafika?

Akuti ambiri anadutsamo nabereka bwinobwino,
ana awo ndi awa akulira pa sikelo.
Koma mtengo ulibe maso, akutero,
nthawi zina umavulaza khomo la chiberekero,
khomolo limaiwala kugwira,
mwana akayamba kulemera limatseguka lokha.
Mwina ndi zimenezo. Mwina ayi.
Ine sindiombeza.
Adokotala ku Chikwawa akaone msanga,
ulipo ulusi womwe amamangira khomo lotere
ngati munthu wafika nthawi isanathe.

Ulusi.
Zaka zonsezi ndamanga wa m'chiuno,
wakuda ndi thukuta, mfundo zisanu ndi ziwiri,
pamene wofunika unali kudikira
kuseri kwa mawu amodzi.

Sakundilonjeza mwana.
Akundipatsa kalata, tsiku Lachinayi,
ndi madzi m'kapu yake yomwe.

Msewu ukunyezimira, phula lafewa.
Ulendo wa ku Chikwawa ndi mbuzi imodzi,
ndipo mbuziyo ndi ya Zuze.
Adzafunsa chifukwa.
Ndikuyeseza mawu pa kabaza,
mphepo yotentha ikuwabweza m'kamwa.
Ndinali mwana. Ayi.
Usanandidziwe. Ayi.
Zuze, khala pansi.

Pa mphambano ya kumjigo ndikuti, imani apa.
Wa kabaza akuti kwanu si kuno.
Ndikudziwa.
Ndikugula masau a ndalama yotsala,
ndikuwamanga pa ngodya ya chitenje,
dzanja lina pansi pa mimba
ngati wonyamula mtsuko wosweka kamwa.

A Fanita akupeta mapira pakhonde.
Andiona.
Lichero laima m'malere,
mankhusu akugwabe.